Makutu a Malemu Vitalis Namate

Malemu anabadwa pa 9 June 1988 kuno ku Chimwankhunda, mwana woyamba wa mlongo wanga. Ine ndikuyankhulane ndine malume awo.

Sukulu anayamba mu 1994, n'kulekezera Fomu 2. Gitala anaphunzirira kukwaya ya kutchalitchi kwathu.

Mu 2011 anayambitsa bandi ija ya Nyundo za Soche, pamodzi ndi mng'ono wawo a Chance, oimba ng'oma, ndi anzawo a Nazir a ku Limbe. Malemuwo ankaimba besi gitala. Nyimbozo amati roko. Sizovinika ayi. Zimayenda pang'onopang'ono ngati lole ya simenti ikukwera chitunda, koma kulemera kwake, malata kuchita kunjenjemera. Ena ankati n'za chamba, ena n'za satana. Ine chomwe ndinaona n'chakuti gitala yomweyo inkadyetsa mayi awo.

Mu 2014 anakwatira a Emily. Mu 2016 anatulutsa chimbale, n'kukaimba ku Lilongwe mpaka ku Lusaka.

Chaka chomwecho aneba a ku Chilobwe, kumene ankayeserera nyimbo, anadandaula za phokoso. Ndiye anyamatawa, mwaulemu wawo, anakhoma matiresi ndi mathireyi a mazira m'makoma onse a kachipinda kawo, zenera n'kutseka ndi bulangete. Phokoso silinatulukenso panja. Linatsala m'katimo, ndi iwowo. Malemu ankachita kutsamira pa sipika, ati besi munthu amamva ndi chifuwa.

Mu 2021 anayamba kudandaula kuti m'makutu mukulira nkhululu, usana ndi usiku. Kuchipatala anawauza kuti azitseka makutu poimba. Anangoseka, ati ndani anaona wophika wosalawa mchere.

Lachiwiri lapitali ali ku Limbe, lole inkabwerera m'mbuyo. Dalaivala analiza hutala. Mavenda anakuwa, amayi ena mpaka kutaya dengu la tomato akuthamanga. Malemu sanacheuke, lole n'kuwagunda. Anatisiya Lachinayi kuchipatala cha Queens.

Abale anga, pali china chondiopsa, ndinene bokosi lisananyamuke. Dzulo masana ndinaitana a Chance chakumbuyo, ali pafupi ngati pamene pali tebulopa. Sanacheuke. Ndinati mwina n'chisoni. Ndinaitananso mokweza mpaka amayi m'nyumbamo analeka kuimba. A Chance anali chikhalire, akuyang'ana kutsogolo. Mlongo wangayu anabereka awiri okha.

Ndamvanso kuti Loweruka bandi ikufuna kukaimba m'tauni pokumbukira malemu, ndipo mawa alowanso m'kachipinda ka matiresi kaja. A Nazir, ndagwira mwendo wanu. Sindikuti muleke nyimbo. Koma a Chance ayambe aonana ndi adokotala, ndipo thonje m'makutu lilowe. Ine mphamvu zoimiriranso pano ndilibe.

Malemu asiya mayi awo, akazi awo a Emily, mwana mmodzi Ndaziona, ndi mng'ono wawoyo.

Tithokoze a mpingo, a kwaya, adzukulu, mavenda a ku Limbe amene anawanyamula, ndi nonse mwagona nafe pano. Mzimu wa a Vitalis uuse mumtendere, kumalo kopanda phokoso.

A Nazir, inu muli nawo pafupi. Agwireni paphewa a Chance, muwauze zimene ndanenazi. Taonani, sanamve.