Manda a atsibweni amene anapita kunkhondo

Ndikupereka moni kwa abusa, akulu a mpingo ndi inu nonse abale ndi alongo. Ndaima pano kuti ndichitire umboni.

Ambiri mukudziwa kuti chaka chatha ndinaika ana anga aamuna awiri. Woyamba anagwa pa kabaza ku Khonjeni. Wachiwiri anadwala masiku anayi okha. Ndinatsala ndi wamkazi yekha, Esinati, ndipo anali woyembekezera.

Titatha kumeta maliro achiwiri, achimwene anga, omwe ndi mwini mbumba, anandiitanira kuseri kwa nyumba. Anati: “Chemwali, musamanamizire malungo. Ndi a Muhaniwa awa.”

A Muhaniwa anali atsibweni a mayi anga. Anatengedwa pa esiteti pompano kupita kunkhondo ya azungu, mayi anga ali khanda, ndipo sanabwerere. Kwathu tinakula tikumva kuti anafera m’tchire, afisi n’kuwadya, palibe anawathira dothi. Achimwene anati mzimu wawo ukuyendayenda, ukutola ana a mbumba mmodzimmodzi. Anati: “Wotsatira ndi Esinati. Mwezi ukatha ndimutenga kwa sing’anga kutsidya, akamuteme mphini.”

Abale, ndinaopa. Ndinaopa kukana, ndinaopanso kuvomera, chifukwa mwana amene ali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri sangayende mtunda umenewo n’kukamwa zosadziwika. Tsiku lina ndikuthyola tiyi, dengu lili kumsana, ndinaona munthu wovala kaki ataima kumapeto kwa mzere. Ndinagwa pansi, masamba onse mbwee. Anali alonda a pa esiteti, abale, alonda omwe timapatsana nawo moni tsiku ndi tsiku. Ndi mmene mantha anandifikitsira.

Ndinakawauza mayi ena, aphunzitsi opuma a ku Makwasa, amene timapemphera nawo Lachinayi. Anandifunsa kuti: “Ndani anawaona afisiwo?” Iwo anati mayina a asilikali amene anafa pankhondo ija analembedwa, ndipo amapezeka pa foni. Anafufuza dzina la Muhaniwa. Panalibe. Anabwerezanso. Panalibe. Mtima wanga unati ndi zoona basi, ngakhale buku lawakana.

Aphunzitsi aja anati ndikafunse okalamba. Ndinayenda wapansi mpaka kwa Changata, kumene kuli agogo ena osaona, amene anali mtsikana nthawi imeneyo. Nditatchula dzinalo anaseka. Anati: “Iwe, dzina limenelo linali la m’nyumba. Anthu athu akabwera kuchokera kwa Apwitikizi, ankaopa kubwezedwa, ndiye pa esiteti sankapereka dzina lenileni. Ankatenga lililonse limene kapitawo wawapatsa. Ameneyo ankamutcha Jekete, poti anafika atavala jekete popanda malaya m’kati.” Anandiuzanso dzina la bambo awo a Muhaniwa.

Pobwerera ndinkapemphera njira yonse. Ndinkati Ambuye, bwanji akapezeka kuti alibedi manda? Ndikamuuza chiyani Esinati? Ndinafika pakhomo pa aphunzitsi n’kuima, osagogoda. Anachita kundiona pawindo.

Nditawafotokozera, analemba dzina la Jekete lija pa foni. Kenaka anati: “Khalani pansi, mayi.” Ndinati basi, zoipa. Koma ananditembenuzira foni. Ine kuwerenga ndimachita kugwiragwira, komabe ndinaona ndi maso angawa: mwala woyera, woimirira bwino, pali mtanda, pali dzina, udzu wotchetcha ngati wa pa bwalo la amanijala. Aphunzitsi anandiwerengera dzina la bambo awo, lomwe lija anatchula agogo, ndi boma lathu lino. Manda ali ku Kenya. Anthu anawakumbira, anawaika, ndipo mpaka lero alipo amene amalambulapo.

Ndinalira, abusa. Zaka zonsezi takhala tikuopa munthu amene anagona bwinobwino.

Tinapita nayo foni kwa achimwene. Anaiyang’ana nthawi yaitali, akuitembenuza. Anati: “Ndiye anyamata aja anawatenga ndani?” Ndinati: “Sindikudziwa, achimwene, ndipo mwina sindidzadziwa. Koma si awa. Esinati sapita kutsidya.” Aka kanali koyamba kuwayankha chotero chibadwire. Ndinkadikira kuti akalipe. Anangobweza foni n’kunena kuti: “Mupite naye kusikelo.”

Sindikunamizani kuti mantha anatheratu. Esinati akatsokomola, mtima umadumphabe. Ana anga awiri ndimawalirabe. Koma tsopano ndikulira ana anga, sindikuthawa mzimu.

Esinati anachira kuchipatala masabata atatu apitawo. Ali apo kumbuyo, pafupi ndi khomo. Imirira mwanangu, akuone, umukweze mwanayo.

Zikomo Ambuye. Zikomo aphunzitsi, zikomo amayi a Lachinayi amene simunatope nane. Amene muli ndi mawu, nthungululu zimveke, mundithandize kukondwera, pakuti ndekha mawu andithera.