Zitini za Mayi Vailet Nyakamera

Malemu Mayi Vailet Nyakamera, amene agona patsogolo pathu pano, anabadwa pa 14 Malichi 1961 kwa Tengani m'boma la Nsanje. Anali oyamba mwa ana asanu a Bambo ndi Mayi Alufazema. Ine ndikuyankhulane ndine mlongo wawo wotsiriza, Stafford Alufazema. Ambiri mumandidziwa ndi mashopu anga atatu a zipangizo za galimoto ku Limbe. Banja landituma kuwerenga mbiriyi, komanso kuyankha makolo amene dzulo anabwera kudzafunsa zitini za ana awo, poganiza kuti gulu la Loweruka lafa pamodzi ndi eni ake. Ndikuyankhani, koma mumve kaye kumene zitinizo zinachokera.

Malemu anaphunzira pulayimale kumudzi komweko, sekondale ku Chikwawa, ndipo mu 1982 anamaliza maphunziro a uphunzitsi. Mu 1984 anamanga banja ndi Bambo Paston Nyakamera n'kukhazikika kuno ku Chinyonga. Anaphunzitsa m'sukulu za ku Limbe zaka makumi atatu ndi zinayi.

Mu 1985 bambo athu atamwalira, achemwali ananditenga ndili ndi zaka khumi ndi zinayi, n'kundipezera malo pasukulu ina cha ku Naperi. Lolemba lililonse ankandipatsa ndalama ya basi ndi chakudya ya sabata yonse. Sabata yoyamba ndinaimalizira ku kanema ndi mandasi pofika Lachitatu. Ndinalira, koma sanandionjezere ngakhale tambala. Lachinayi ndi Lachisanu ndinayenda wapansi kudutsa Ginnery Corner, mvula ili pamsana. Loweruka lake anandiikira zitini zitatu za mkaka: cha ulendo ndi chakudya, cha zokhumba mtima, ndi chosunga chimene ankachitseka okha.

Anthu akuluakulu, ine ndayenda. Joni ndimapita ngati ku Lunzu. Dar es Salaam, Dubai, Guangzhou, konseko andiona ndipo ndakhala patebulo ndi amalonda a mitundu yonse. Palibe amene anandiphunzitsa zoposa zitini zitatu zija. Ndimakonda kunena kuti ndinadzipanga ndekha. Lero ndikuvomera kuti mpamba wanga woyamba unatuluka m'chitini chachitatu.

Atapuma pantchito mu 2016, malemu anayambitsa gulu la Loweruka pakhonde pawo. Anyamata ndi atsikana a sekondale ankabwera ndi ndalama imene makolo awapatsa, n'kuigawa patatu: ya minibasi ndi chakudya, ya mayunitsi ndi tchipisi, ndi yosunga. Chitini chosunga chinkatsala m'nyumba mwa malemu mpaka Disembala. Wodya ya minibasi ankayenda wapansi, ndipo makolo ankawapempheratu kuti asamumvere chisoni.

Mu 2019 ndinalakwa. Nditangotsika ndege kuchokera ku Dubai, ndinafika pakhonde paja n'kuponya K5,000 m'chitini cha mwana aliyense. Ana anavina. Achemwali sanaseke. Ananena kuti mwana akazolowera kuti chitini chimadzazidwa ndi amalume, sadzachidzazanso yekha. Anandikhazika pabenchi, ine bwana wa antchito khumi ndi awiri, n'kundiuza kuti nditulutse ndalama yanga chitini ndi chitini, mwana wanga Vanessa, amenenso anali m'gululo, akuonerera. Vanessa yemweyo chaka chatha anagula yekha laputopu yakusukulu. Kwa ine sanapemphe kanthu.

Mu 2023 malemu anapezeka ndi matenda a shuga. Ngakhale mphamvu zinkachepa, Loweruka sankaphonya. Mwezi watha anagonekedwa m'chipatala, ndipo anatisiya Lolemba pa 9 Juni 2025 ali ndi zaka 64. Ine ndinafuna kuitanitsa bokosi ku Joni kuti Blantyre yense aone. Alamu anga a Nyakamera anatulutsa chitini cholembedwa kuti "maliro anga", muli ndalama ndi dzina la kalipentala wa konkuno. Bokosi mukulionali anadzigulira okha. Andigonjetsanso kachiwiri.

Tsopano yankho lija. Zitini makumi atatu ndi chimodzi zili pashelefu monga anazisiyira. Ndalamazo n'za ana anu, ndipo wofuna chake sitimukaniza. Koma ndikupemphani kuti chisatsegulidwe ngakhale chimodzi Disembala asanafike. Gulu silinafe. A Nyakamera apereka khonde lomwe lija. Vanessa, amene anathandiza malemu zaka zitatu, ndiye adzatsogolere. Ulendo wanga wa ku Guangzhou ndauimitsa. Loweruka likudzali, 2 koloko masana, mudzandipeza pabenchi paja, ndipo ndikulonjeza pamaso pa malemu kuti sindidzaponyamo ngakhale tambala.

Malemu asiya amuna awo, Bambo Paston Nyakamera, ana atatu, Clifton, Miriam ndi Noel, adzukulu asanu, ndi ife abale awo anayi. Tikuthokoza abusa ndi amayi a mumpingo, anamwino amene anawasamalira, aphunzitsi anzawo, ndi aneba onse a ku Chinyonga. Tikuthokozanso ana a gulu la Loweruka, amene chipepeso chawo achitenga m'chitini cha zokhumba mtima, chosunga osachikhudza.

Achemwali, ana anu aphunzira. Gonani mumtendere wa Ambuye. Zitini zanu tidzatsegula Disembala.