Atseka Pomwe Ndimadutsira

— Halo?

— Halo, mwana wanga. Ndine bambo ako.

— Ndaona nambala, bambo. Mwaswera bwanji?

— Ndaswera, kaya iwe? Amuna ako? Adzukulu anga?

— Onse ali bwino. Nanga amayi, shuga wawo uja?

— Akuyesera. Ntchito ikuyenda?

— Kutopa basi. Chiimirire pakauntala kuyambira m'mawa, miyendo ngati si yanga. Koma kukumveka magalimoto kumeneko. Muli kuti?

— Ndili pa… halo? Netiweki ikuvuta.

— Ine ndikukumvani bwinobwino, bambo.

— Oho. Ndakhala pano pa wosoka nsapato, wandibwereka kampando. Benchi ya pasiteji ija anaizula, akuti pankagona zidakwa. Zidakwazo zikugonabe, pansi. Ovutika ndife.

— Mukusoketsa nsapato?

— Ayi, kungopuma. Ukukumbukira msonkhano wa okalamba uja, wotifunsa zomwe tikufuna m'tauni muno? Anauika pamwamba penipeni pa nyumba yosanja, lifiti itafa. Tinangoyang'ana masitepe n'kubwerera.

— Bambo, bwana akundiyang'ana, ndipo mayunitsi anu atha. Chachitika n'chiyani?

— Ndinapita kufamase kukatenga jakisoni wa amayi ako.

— Eya.

— Msewu watsopanowu uli ndi mpanda wachitsulo pakati. Panali kampata, pomwe tonse a ndodo timadutsira. M'mawa ndadutsa. Pobwera ndapeza anyamata a maovolosi akuwotcherera.

— Atseka?

— Ndawapempha kuti andidikire ndidutse kaye. Akuti, "Madala, tikukutetezani, kwerani mlatho."

— Ndiye simunakwere?

— Ndayesa. Ndafika pakati pa masitepe, bondo lakana. Ndatsika chokhala, ngati mwana, anthu akundilambalala.

— Mayo ine! Nanga minibasi? Ikakhota kutsogolo ikutsitsani mbali yanuyo.

— Akaona ndodo saima. Akuti timachedwa kukwera.

— Njinga yamoto?

— Ndi chizungulire changachi? Ukanditole pansi?

— Ndiye mwakhala pamenepo kuyambira nthawi yanji?

— Dzuwa lisanakwere.

— Bambo! Osandiimbira nthawi yonseyi?

— Ndimati ndisakuvutitse. Munthu ndakulera, lero ndizikuimbira kuti udzandiwolotse msewu? Manyazi, mwana wanga.

— Amayi adya?

— Sadya asanabaye. Ndipo mankhwalawa safuna kutentha. Ndawakulunga m'mpango wonyowa, koma ukuuma.

— Aneba sangawaone?

— Onse ali kuntchito. Chitseko ndinakhoma, kiyi ali m'thumba mwangamu. Ndimati ndikungopita n'kubwera.

— Chabwino. Ndipempha bwana, akandidula tsiku andidule. Ndipeza takisi. Musasunthe.

— Ndisunthira kuti? Nyumba ndikuiona apa, denga, katani, zonse. Ndili mnyamata ndikanaponya mwala n'kuswa galasi.

— Ndikubwera, bambo. Mupemphe madzi, munyowetsenso mpangowo.

— Dikira… atsegula katani. Ndi amayi ako, aima pawindo.

— Akuonani?

— Andiona. Akundikodola ndi dzanja. Akuyesa ndikucheza.

— Akwezereni mankhwalawo awaone.

— Ndakweza. Akukodolabe, mwana wanga. Ndiwayankhe chiya…

— Halo? Bambo? Halo?