Shati Yoyera pa Geti la ku Chilumba

Pa siteji ya Bolero, podikira minibasi, Hezron atamva bambo wina wachilendo akutama mpira wa koyenda, anapsa mtima.

"Koyenda? Dada, musandiyambe! Tinapita ku Chilumba pa lole, choimirira, fumbi mpaka m'mano. Titafika pa geti, wina anandikhuthulira botolo la mkodzo, ati akusukulutsa mankhwala a timu yathu. Ine mkulu wa mpingo, mankhwala ndingawatenge kuti?"

"Munavala shati yoyera, chikwama chakuda m'manja?"

"M'chikwamamo munali Baibulo! Mwadziwa bwanji?"

"Aa, kani munali inuyo? Ine ndinkayesa ndinu sing'anga. Pepani chomene, dada."

"Pepani basi?"

"Nanga ndinene chiyani? Pajatu tinakuchinyani ziwiri. Mankhwalawo anasukulukadi."