Chirobo Chosaikidwa M'manda

Felismina akudikira chapa, minibasi ya kumeneko, pamalire pa Kalomwe, anamva bambo wina wa matumba a mbatatesi akufunsa mphunzitsi amene ankasewera jogu patelefoni.

"Mukulimbana ndi chiyani, aprofesora?"

"Chirobo ichi, bambo, chimunthu chachitsulo. Jogu yatsopano ikangotuluka, ndimachipezamo kumapeto chikundidikira. Ndachipha kambirimbiri, koma chimabwerabe."

"Mukachipha, mumachiika m'manda?"

"Ayi, chimangophulika, ine n'kupitirira."

"Ndiye chilekerenji kubwera? Achimwene anga anaphedwa pankhondo, ife tikuthawira ku Dedza. Mtembo sitinauone, maliro sitinalire, ngakhale kumeta sitinamete. Mpaka lero amandibwerera kutulo."

"Amadzakuopsezani?"

"Ayi. Amangoima pakhomo, kudikira kuti wina awauze kuti nkhondo ija inatha."