Zitsamba za ku China zimene ndinabisira dokotala

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndimakhala kunja kwa dziko lathu, ku Girrawheen, ntchito yanga ndi yosamalira okalamba ku Midland. Ndatha zaka zisanu pabanja popanda mwana. Madokotala anati m'matumba anga a mazira muli timatuza tambirimbiri ndipo mazira sakhwima, matenda amene amati PCOS. Ndinkatha miyezi ndi miyezi osapita kumwezi.

Nthawi ya Covid mtima wanga unangoti zii. Ndinkavala masiki, kusambitsa agogo a eni ake, kubwera kunyumba, kugona. Apongozi akaimba foni kufunsa ngati za mwana zilipo, ndinkangopatsira amuna anga. Mapiritsi a kuchipatala ndinkamwa ngati mmene munthu amatsukira mbale, ndipo popemphera ndinkangoyendetsa milomo.

Mnzanga wa kuntchito anandilozera mayi wina wa ku China amene amachiza ndi zitsamba. Ndinapita osauza munthu, kuopa kuti kutchalitchi kumveka zoti ndapita kwa sing'anga. Mayiyo anandigwira pamkono kumvera kugunda kwa mtima, anandiyang'ana lilime, kenako anafunsa ngati ndikumwa mankhwala ena. Ndinakana kwa mtuwagalu. Mukudziwa za kwathu: kuchipatala sutchula zitsamba, anamwino angakukalipire, ndipo kwa azitsamba sutchula chipatala. Kwa milungu itatu ndinkawiritsa mizu ndi makungwa aja m'galaja, uku mapiritsinso ndikumwa.

Tsiku lina ndinagwa ndi chizungulire ndikukankha gogo wina pa njinga ya olumala. Mantha sindinachite, ndinangogona pansi n'kumayang'ana denga. Nditabwerera kwa mayi uja ndinaulula bodza langa. Sanakalipe. Analemba dzina la chitsamba chilichonse papepala n'kunena kuti, "Kawapatseni adokotala anu. Asanaliwerenge musabwerenso kuno."

Pepalalo linatha sabata m'chikwama. Tsiku lopereka ndinazolika mutu kudikira kukalipiridwa, ine ntchembere yonseyi. Adokotala anangoliwerenga, anandiletsa zitsamba zina, anasintha mapiritsi ndi kadyedwe kanga, n'kundiuza kuti ndikanapitiriza kubisa akanamangondipatsa mankhwala osadziwa chimene chikundigwetsa.

Patapita miyezi inayi ndinapita kumwezi, mwezi wotsatira chimodzimodzi. Kaya ndi zitsambazo, kaya mapiritsi, kaya kusintha kadyedwe, ine sindikudziwa, ndipo musatengere ine kumwa chinthu dokotala wanu asakudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti Mulungu anadzera mwa mayi amene ndinkachita manyazi kulowa pakhomo pake.

Mimba sinabwerebe, sindikunamizani. Koma pa sikani ya mwezi watha adokotala ananditembenuzira kompyuta n'kundilozera dzira limodzi lokhwima, loyamba kuliona chiyambire kuyenda m'zipatala. Ndikuyamika Mulungu chifukwa cha dzira limodzilo. Alongo amene muli m'njira yomweyi, musatope ndipo musabise. Ine ndikudikirabe, koma tsopano chilipo choti ndidikire.