Ukwati wa Duwa la Silipasi

A Raphael a ku Chinyonga anadikira zaka zinayi kuti duwa lawo lachilendo, looneka ngati silipasi, limasule. Litamasula, vuto linali manja awo onjenjemera, ndiye anaitanira akazi awo, a Ndaziona, pakhonde.

"Amayi a Thandi, fulumirani! Lero tikukwatitsa."

"Thandi? Osandiuza ine mayi wake?"

"Duwa! Ili ndi lathu, likhala lalikazi. Ilo ndabwereka kwa a Arthur ku Limbe, alitenga masana ano."

A Ndaziona anasuzumira miphika iwiriyo. "Mwamuna wobwereka? Ankhoswe akudziwa?"

"Nkhoswe ndine."

"Mbali zonse ziwiri? Ukwati uwu sukhalitsa."

"Tamverani. Kwawo kwa maluwawa ntchitoyi imagwiridwa ndi kachilombo. Kuno kulibe, ndiye kachilomboko ndinu."

"Zaka makumi atatu m'nyumba muno, lero ndasanduka kachilombo?"

"Gwirani chotokosera m'mano ichi. Poyamba chotsani silipasi."

A Ndaziona anavula masilipasi awo, kuwaika bwinobwino pambali, n'kuima chilili.

"Ya duwa lathuli! Dulani kathumbako ndi lezala, kakutchinga njira."

"Zaka zinayi kudikira nsapato imodzi, yopanda inzake, lero tiidule?"

"Dulani!"

Anadula, uku akupukusa mutu.

"Eya. Tsopano pa duwa la a Arthur. Kuseri kwa kachishango kapakatiko kuli mungu."

"Mulungu ali paliponse, bambo."

"Mungu! Timibulu tiwiri tomata, kena kumanzere kena kumanja. Tolani kamodzi."

A Ndaziona anakatola ndi nsonga ya kamtengo kaja. A Raphael anawerama kuti aone m'kabuku kawo. Pamene amadzutsa mutu, kamtengo kanali m'kamwa mwa akazi awo.

"Mukutani?!"

"Munati n'chotokosera m'mano. Kanyama kadzulo kamandisowetsa mtendere."

"Mwameza! Mwameza mwamuna wa a Arthur!"

"Mayo ine! Ndiye chichitike n'chiyani?"

"Kamene kaja kakamatirira pamalo pake, pakatha miyezi isanu ndi inayi..."

"Msinkhu uno? Ku Mvano ndikanena kuti chiyani? Kuti ndi wa a Arthur?"

"Ndikunena duwa! Inu simungabereke kanthu!"

"Iii! Nanga Thandi munachita kumutola mumsika wa Limbe?"

A Raphael anatenga kamtengo kena. "Katsala kambulu kamodzi basi. Ndichita ndekha."

Dzanja linavina, kamtengo kanalasa tsamba, mphika wa a Arthur unapendekeka. A Ndaziona anauwakha ndi bondo.

"Bweretsani kuno, musaphe mkamwini."

A Raphael anapereka, thukuta lili kamukamu. "Pang'onopang'ono. Mukakapake kunsi kwa duwa lathu, pakamalo kosalala kamene kaonekera titadula silipasi. Musapume."

"Mpaka liti?"

"Mpaka ndikuuzeni!"

A Ndaziona anafufuma masaya, natola kambulu kaja ngati akulowetsa ulusi m'singano. Anakapaka. Kanamatirira.

A Raphael anakhala pansi, misozi ili lengelenge. "Zatheka, amayi a Thandi. Zatheka!"

"Mmm! Mmm!"

"Aa, pumani!"

"Fuuu! Ndiye basi? Popanda ndi nthungululu yomwe?"

"Basi. Duwa likafota, kaphesi kakuseriko n'kutupa, ndiye kuti waima. Kuyambira lero asagwedezeke. Mphepo ya chiperoni isamuombe. Dzuwa lisamuwotche. Madzi pa nthawi yake. Chilichonse m'nyumba muno chizibwera pambuyo pa iyeyu. Mwamva?"

"Chilichonse?"

"Chilichonse! Sindibwereza."

A Ndaziona ananyamula mphika uja ndi manja awiri, nalunjika kuchipinda.

"Mukupita nalo kuti?"

"Woyembekezera sagona pakhonde, bambo. Azigona mbali yanu ya bedi. Inu khalani pamalo pake pakhondepo, ndizikuthirirani m'mawa uliwonse."